Manja a abusa athu alema, tiwagwirire

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi akhristu anzanga kudzera m'nyuzipepala yanuyi pa nkhani ya abusa athu.

Sabata yathayi ndinawapeza abusa a mpingo wathu atatsamira pa tebulo mu ofesi, maso ali psuu. Usiku anachezera kuchipatala ndi m'bale wina wodwala, m'mawa anakayendetsa mwambo wa maliro, panja pali banja lina likuwadikira loti latsala pang'ono kutha, ndipo ulaliki wa Lamulungu anali asanauyambe nkomwe. Nditawafunsa kuti anapuma liti anangoti sakukumbuka. Zinandipweteka chifukwa nanenso ndinawaimbirapo foni pakati pausiku pa nkhani yoti ikanatha kudikira mawa.

Pa Eksodo 17, Aisraeli akumenyana ndi Aamaleki ku Refidimu, Mose akakweza manja anthu ake amapambana, akatsitsa amagonja. Manja atalema, Aroni ndi Huri sanaime poteropo nkumamunena kuti mtsogoleri wathu wafooka ayi, anatenga mwala nkumukhazikapo, wina mbali iyi wina mbali inayo kumugwirira manja mpaka dzuwa kulowa. Mutu wotsatirawo apongozi ake a Yetero anachita kumuuza kuti ntchitoyi simungaithe nokha, ikani anthu oyang'anira magulu a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10. Ngati Mose anafunika thandizo nanga abusa athuwa? Akulu ampingo tilipo, madikoni alipo, bwanji wodwala aliyense mpaka akamuone abusa, ndiye akalephera kufika tsiku limodzi basi takwiya, ena mpaka kusiya kubwera kutchalitchi.

Pa nkhani ya ndalama ndikudziwa ena anena kuti abusa a masiku ano akulemera ndi chopereka. Alipo otero, sindikukana, ndipo ameneyo adzudzulidwe. Koma amene ine ndikuwadziwa malipiro awo amachedwa, ana awo amabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo sangadandaule poopa kuti tiwanena kuti alibe chikhulupiriro. Paulo pa 1 Timoteo 5:18 anakumbutsa lamulo loti ng'ombe yopuntha tirigu tisaimange pakamwa. Komiti ya chuma ikamakhala pansi, malipiro a abusa asamakhale omalizira kukambidwa.

Ndiye pali amayi busa ndi ana. Timafuna amayi busa aziimba kwaya, azitsogolera amayi, azilandira alendo nthawi iliyonse koma palibe amawafunsa kuti mwadzuka bwanji m'mtimamo. Mwana wa abusa akalakwitsa zomwe ana athu amalakwitsa tsiku ndi tsiku, nkhani yake mpingo wonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi miseche ya m'magulu a WhatsApp. Abusa akalakwitsa, pitani mukawaone pa awiri, muwauze mwaulemu, ndi anthu nawonso amamva. Ulaliki ukakuthandizani muwauzenso, chifukwa ambiri amangomva za ife tikakhala ndi dandaulo.

Pempho langa kwa akulu ampingo kulikonse ndi loti pa msonkhano wanu ukubwerawu musankhe tsiku limodzi pa sabata loti abusa azipuma ndi banja lawo, mulengeze pagome kuti aliyense amve, ndipo mutchule dzina la mkulu amene azilandira mafoni tsiku limenelo. Kwathu ndakapereka kale dzina langa.

Mkhristu wokhudzidwa