Za ndalama zapepala za ku St Helena

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ku Johannesburg. Kuno tili bwino. Mwafunsa ngati n'kwanzeru kuyamba kusonkhanitsa ndalama zapepala za ku St Helena, chilumba cha pansi pa ulamuliro wa Britain chimene chili m'nyanja ya Atlantic. Ine ndikuti yambani. Pachilumbapo pali anthu osakwana 5,000, ndipo mitundu ya ndalama imene boma lake latulutsa kuchokera mu 1976 ndi yochepa kwambiri, moti munthu wa malipiro wamba atha kuipeza yonse. Komano poti ndi yochepa, aliyense wosonkhanitsa ali ndi zomwezo. Chimene chimakweza mtengo ndi mmene pepalalo lasungikira, komanso tizinthu ting'onoting'ono timene munthu wothamanga sationa.

Dongosolo lake ndi ili. Mu 1976 anatulutsa za £1 ndi £5, kenako mu 1979 za 50 pence ndi £10. Mu 1984 kunabwera ndalama zachitsulo, ndiye zapepala za 50 pence ndi £1 anazisiya. Ya £20 inayamba mu 1986, ndipo mu 2004 kampani ya De La Rue inasindikiza za maonekedwe atsopano. Zonsezi zili ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth II. Paundi ya kumeneko ndi yofanana mphamvu ndi ya ku Britain, ndipo imagwiranso ntchito pa chilumba china cha Ascension. Ku Tristan da Cunha, chilumba chinanso cha m'gulu lomweli, amagwiritsa ntchito ya ku Britain, choncho wina akakutsatsani pepala lolembedwa dzina la chilumba chimenecho, dziwani kuti ndi chokongoletsera chabe, palibe boma limene linalitulutsa.

Pamene muyenera kupenyetsetsa ndi kumbuyo kwa za 1976. Pali chizindikiro chokhala ndi mawu a Chilatini a East India Company, kampani imene inayendetsa chilumbachi kuyambira 1659 mpaka 1834. Mawu omaliza ayenera kukhala ANGLIAE, koma osindikiza anasiya chilembo chimodzi n'kulemba ANGLAE, ndipo anadzakonza mu 1981. Ndiye kuti ya £1 ndi ya £5 iliyonse ili pawiri, yolakwika ndi yokonzedwa. Zilembozo ndi zazing'ono, mufunika galasi lokulitsa kakhumi. Wogulitsa pa intaneti akangoonetsa kutsogolo kokha, muuzeni ajambule kumbuyo pafupi, mawuwo awerengeke. Akamazemba, musiyeni. Pa ndalama zakalezi sanalembepo chaka, ndiye chimene chimathandiza kuzisiyanitsa ndi masiginecha a akuluakulu oyang'anira ndalama komanso nambala yake. Muzilemba zonsezi m'kabuku, pamodzi ndi nambala ya Pick (nambala ya mtundu wa ndalamayo m'buku la mndandanda wa ndalama zapepala) imene ogulitsa amaika, monga P-6 kapena P-7.

Inu muli pabwino kuposa ambiri. Kuyambira Okutobala 2017 ndege ya Airlink imapita ku St Helena kuchokera ku Johannesburg komweko, pamene kale anthu ankadalira sitima ya RMS St Helena yochokera ku Cape Town, ulendo wa masiku asanu, mpaka inapuma mu 2018. Mukapeza wopita, mumpemphe akalowe ku Bank of St Helena mu Jamestown, likulu la chilumbacho, akapemphe zatsopano zimene sizinayendepo, makamaka za manambala otsatizana. Adzalipira mtengo wolembedwa pandalamapo basi. Mumpatsiretu envulopu yolimba yokhala ndi makatoni awiri, chifukwa akangoika m'chikwama chake n'kupinda, theka la phindu lapita. Kunja kwa chilumbacho osintha ndalama sazilandira, n'chifukwa chake alendo obwerako amagulitsa zotsala motchipa, koma zimenezo zimakhala zitadutsa m'manja ambiri. Zakale muzigula kwa ogulitsa odziwika, makamaka mamembala a International Bank Note Society, bungwe limene lakhalapo kuyambira 1961.

Tsopano za kuyesa pepala, pakuti apa ndi pamene anthu amaberedwa. Ogulitsa amaika zilembo zosonyeza mmene pepala lilili: UNC ndiye kuti silinapindidwepo, ngodya zonse zinayi ndi zosongoka. AU lili ndi kamzere kamodzi kosaoneka bwino. XF lapindidwa pang'ono, mwina katatu, koma likadali lolimba. VF layenda ndithu, lafewako ndipo lada pang'ono. Amalonda ena amanyowetsa pepala lopindika n'kulisita kuti lioneke latsopano. Kuti muwagwire, zimitsani magetsi, muwalitse tochi chapambali, kuwala kuzidutsa chogona pamwamba pa pepalalo. Mzere wopinda umaonekera ngati kamthunzi ngakhale ausite chotani. Kenako yang'anani inki ya pa nkhope ya Mfumukazi ndi pa zilembo zikuluzikulu: pa ndalama yosasitidwa imakhala yotukuka pang'ono, pa yositidwa imakhala yaphwatalala. Yochapidwa ndi sopo wa ufa imawala mobiriwira ngati mtambo mukaiika pansi pa nyali ya UV, chifukwa sopoyo amasiya mankhwala oyeretsa, pamene pepala lenileni la ndalama siliwala choncho. Kutumiza ndalama ku PMG, kampani yoyesa ndalama zapepala, kuti akaipatse giredi pa sikelo yawo ya 1 mpaka 70 n'kwabwino kwa ya £5 yolakwika ija ngati ili UNC. Kwa ya 50 pence ndikungotaya ndalama, malipiro ake aposa mtengo wa pepalalo.

Posunga, iliyonse ikhale m'kathumba kake ka Mylar, pulasitiki yolimba yosawononga pepala. Timatumba ta PVC, tofewa tija tonunkha ngati chidole chatsopano, timatulutsa mafuta amene amalowa m'pepala n'kulichititsa mawanga osachoka. Musamate ndi makina otenthetsa pulasitiki ngati chiphaso, ndalama yotero palibe wosonkhanitsa angaigule. Selotepi, mphira ndi mapini zisayandikire. Chinyezi chikhale pafupifupi 50 peresenti. Chikapitirira 65 nkhungu imayamba ndipo pamabuka timadontho tofiirira. M'nyengo ya mvula ikani timapaketi tiwiri kapena titatu ta silica gel, toyamwa chinyezi, m'bokosi losungiramo, ndipo bokosi likhale m'kabati ya m'kati mwa nyumba, osati yotsamira khoma la bafa. Dzuwa limafufutsa mtundu, ndiye zopachika pakhoma iwalani. Pogwira, sambani m'manja muumitse, mugwire m'mphepete.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi ya 50 pence ya 1979 ndi ya £1 yokonzedwa, zonse za UNC, pakuti sizidula ndipo muphunzirirapo maonekedwe a pepala losakhudzidwa. Ya £5 yolakwika muisiyire kumapeto, maso atazolowera. Musanalipire iliyonse yodula, nditumizireni zithunzi zake pa WhatsApp, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi china chowalitsidwa ndi tochi chapambali.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mbale wanu