Mapiritsi a kashiamu sanola nzeru za mwana

Akonzi,

Ndikufuna kuyankhulapo pa za anthu ena amene akugulitsa mapiritsi a kashiamu pa WhatsApp, n'kumauza makolo kuti mapiritsiwo amanola nzeru za ana asukulu. N'zoona kuti ubongo sungagwire ntchito popanda kashiamu, womwe ndi mtundu wa mchere wofunika m'thupi, koma zimene asayansi apeza poyeza mcherewu mu ubongo zikutsutsana ndi malondawa.

Pamalo pamene selo ya ubongo imapatsira uthenga inzake, pomwe akatswiri amati synapse, kashiamu ndi amene amatsegula njira. M'zaka za m'ma 1960, Bernard Katz ndi Ricardo Miledi, akugwira ntchito ku London, anasonyeza kuti kashiamu akapanda kulowa kumapeto kwa mtsempha, uthenga suwoloka. Komabe selo ikakhala phee, kashiamu wa mkati mwake amakhala wochepa kwambiri, moti wakunja amamuposa kuwirikiza pafupifupi ka 10,000, chifukwa seloyo imamupopera kunja kapena kumutsekera m'nkhokwe zake zotchedwa endoplasmic reticulum ndi mitochondria.

Kuyeza zimenezi sikunali kwapafupi. Mu 1962 Osamu Shimomura anapeza puloteni ya aequorin mu kanyama ka m'nyanja ka jellyfish, imene imawala ikakhudzana ndi kashiamu, ndipo mu 1985 Roger Tsien ndi anzake anapanga utoto wa fura-2 wothandiza kuona kashiamu m'selo yamoyo. Pogwiritsa ntchito mtundu wina wa aequorin, Rodolfo Llinás ndi anzake anaona mu 1992 kuti kashiamu sadzaza paliponse m'selo ayi, koma amachuluka pa timadontho ting'onoting'ono pafupi ndi pamene walowera, kwa kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, kenako n'kuchotsedwa. Kashiamu akapitirira muyeso n'kukhalitsa m'selo, monga zimachitikira munthu akadwala sitiroko, maselo amafa.

Nanga piritsi lingasinthe bwanji dongosolo lotere? Pafupifupi 99 peresenti ya kashiamu wa m'thupi ali m'mafupa ndi m'mano, ndipo wa m'magazi thupi limamusunga pa mlingo wake ngakhale munthu amwe mapiritsi, pokhapokha akamwa mopyola muyeso. Mwana amafunikadi kashiamu kuti mafupa ake akule bwino, koma usipa kapena bonya wodyedwa ndi minga yomwe amapereka mcherewu pa mtengo wotsika.

Ndikupempha bungwe loyang'anira za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuti liwafunse amalondawa umboni wa zimene akunena, makolo asanawonongenso ndalama za fizi.

Ine wowerenga wanu,
ku Zomba