Ndakaiona Nyanja ya Mchere

Rosettenville, Johannesburg

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Nkhotakota. Ine kuno ndili bwino, ntchito yowotcherera zitsulo ikuyenda. Nditakutumizira zithunzi zitatu zija pa WhatsApp unandifunsa kuti, "Kodi wasamuka?" Ayi, sindinasamuke. Nkhani yake ndi yaitali, pa foni sikanatheka, ndiye usiku uno ndakhala pansi kuti ndikulembere bwinobwino.

Chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi ku Joni, ndipo zaka zonsezi dziko lino ndinkalidziwa msewu umodzi wokha: kuchoka pachipinda changa, kukwera takisi, kukafika kuntchito, madzulo kubwerera. Lamlungu kutchalitchi, kenako kukadikira katundu wakumudzi kumabasi a ku Park Station. Mzinda uno uli pamtunda kwambiri, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo ulibe gombe kapena mtsinje waukulu. Ine amene ndinakula ndikukoka khoka ndi iwe m'bandakucha ndinafika pomangoona madzi a pampopi basi. Ndiye itakwana nthawi yanga yolandira chipereganyu cha gulu lathu la Amalawi, ndinatumiza ya feteleza kwa amayi, yotsalayo n'kulipira ulendo wa sabata imodzi wa pagulu, woyenda m'mphepete mwa nyanja kuchokera ku Cape Town. Mkulu wina wa m'gulu lathu anandifunsa mosabisa kuti, "Achimwene, ndalama ya malata mukukaonera madzi?" Funso lawo linali lomveka ndithu, ndipo sindinawayankhe mwamwano. Koma mtima unali utatsogola kale.

Ndinanyamuka Lachisanu ndi chikwama chimodzi chakumsana: zovala zochepa, juzi, pasipoti yokulunga m'jumbo, ndi mthiko wanga. Basi imayenda maola pafupifupi 18, makilomita ngati 1,400. Za njirayo ndilibe zambiri. Mdima, Bloemfontein usiku, kutacha dera louma la Karoo, nkhosa ndi miyala mpaka maso kutopa. Ku Cape Town ndinagona m'nyumba ya alendo oyenda ndi zikwama, chipinda chimodzi mabedi asanu ndi atatu osanjikizana ngati kuhositelo ya kusekondale kuja. Pasipoti inagona pansi pa pilo.

Lamlungu m'mawa inafika minibasi yokoka kangolo ka katundu. Tinalipo anthu 14: Majeremani angapo, ena a ku Netherlands, anyamata awiri a ku Korea, mtsikana wa ku Brazil, ndi mayi wina namwino wa ku Soweto. Ndisabise, tsikulo linayamba mondipweteka. Nditaima pafupi ndi kangolo kaja, mtsikana wina wachizungu anandipatsira chikwama chake kuti ndichikweze, poganiza kuti ndine wothandiza dalaivala. Ndinachikweza, kenako n'kukweza changa, n'kukakhala pampando wanga. Ataona zimenezo anachita manyazi kwambiri ndipo anapepesa kawiri konse. Ndinamukhululukira, komabe maola oyambirira ndinali duu. Anzangawo ankacheza za Thailand ndi Peru. Atandifunsa mayiko amene ndinafikako ndinatchula Mozambique ndi Zimbabwe, amene ndinawaonera pawindo la basi podutsa ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Mumtima ndinkamva mawu a mkulu uja a malata.

Zonsezo zinaiwalika titadutsa Hout Bay n'kulowa msewu wa Chapman's Peak. Ukukumbukira mmene tinagwirira mipando tsiku lija tikutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti? Tenga msewu umenewo, uuseme m'thanthwe, ndipo m'malo mwa chigwa kumunsiko uikeko nyanja yopanda tsidya. Ndi makilomita 9 okha koma makona ake ndi 114. Anautsegula mu 1922, ndipo wotitsogolera, bambo wolankhula Chixhosa, ananena momveka kuti amene anaswa thanthwelo anali akaidi. Ndinamulemekeza chifukwa chosabisa zimenezo. Titaima pamalo oonera, ndinafunafuna mapiri a kutsidya monga timachitira kwathu kukayera, tikamaloza mapiri a ku Mozambique. Kunalibe. Madzi okhaokha mpaka kukakumana ndi thambo.

Titafika ku Cape of Good Hope, anzanga anathamangira kukajambulitsa pachikwangwani. Ine ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, n'kutsikira kumadzi. Aise, kuzizira kwake mafupa a m'miyendo anachita kuwawa, ngati waponda m'madzi a m'firiji. Akuti mbali ya kumadzuloyi madzi ozizira amatumphuka kuchokera pansi pa nyanja, m'mkokomo wa madzi wotchedwa Benguela. Ndinatunga pang'ono m'manja n'kulawa. Kusukulu tinaphunzira kuti ndi amchere, koma sindinkadziwa kuti mcherewo ndi wochuluka chotero, woti lilime kuchita kuuma. Ndinaganiza za asodzi a kuno, kuti munthu angathe kufa ndi ludzu ali pakati pa madzi, pamene ife ludzu likatigwira m'bwato tinkangowerama n'kumwa. Pamchenga panali zomera za m'nyanja zakuda, zazitali ngati mapaipi othirira dimba, zonunkha. Chapatali nthiwatiwa zinkadya m'mbali mwenimweni mwa gombe, ndipo anyani a kumeneko salimbana ndi chimanga ngati a kwathu, amalimbana ndi zikwama za alendo. Ukadzabwera usadzaiwale pasipoti, chifukwa pachipata cha malo osungirako zachilengedwe ngati amenewa ife a m'mayiko a SADC timalipira ndalama yocheperapo poyerekeza ndi ochokera kutsidya kwa nyanja.

Madzulo tinaima ku Boulders, pafupi ndi Simon's Town, kukaona mbalame zotchedwa penguin. Siziuluka, zimayenda chiimirire, mapiko ake ndi opalasira m'madzi, ndipo kulira kwake ndi kwa bulu weniweni. Aliyense ankaseka. Koma titamva chifukwa chake zikutha, ine kuseka kunandithera. Chakudya chake ndi tinsomba ting'onoting'ono tonga usipa, ndipo tinsombato tachepa m'nyanja, mwa zina chifukwa cha usodzi wa sitima zikuluzikulu. Mu 2024 mbalamezi anaziika m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotheratu. Apa mpamene ndinayamba kulankhula pagulu. Ndinawafotokozera za chambo, mmene chinkadzazira bwato tili ana, ndi mmene anthu ena akukokolera tiana ta nsomba ndi maneti a udzudzu. Anamvetsera mwachidwi, mafunso ali mbwee. Ndinazindikira kuti m'minibasi monsemo munalibe wina amene anagwirapo nkhafi kupatula ine.

Lolemba tinatsata gombe kudzera ku Gordon's Bay ndi Betty's Bay, mapiri kumanzere, nyanja kumanja, mpaka ku Hermanus. Ulendowu ndinauika dala mu September chifukwa anangumi amafika kuno kuyambira cha mu June mpaka November, kuchokera kumadzi ozizira a kum'mwera, kudzaberekera m'magombe abata. Sipafunika bwato. Umangoima pamiyala ya m'mphepete mwa tauni, pamene mbira zimaothera dzuwa osaopa munthu, ndipo pali munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga lopangidwa ndi chomera cha m'nyanja chija anangumi akaonekera. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu, mphepo ikuomba ngati mwera wa mu July. Kenako madzi anatupa pafupi kwambiri, n'kutuluka msana wakuda, wosalala, wopanda chipsepse. Mpweya unatumphuka m'mwamba panjira ziwiri ngati mphanda, ndipo phokoso lake ndinalimva m'chifuwa. Kumutu kwake kunali zinthu zoyera zokhakhala ngati ndere za pamwala. Pambali pake panatuluka mwana, amene payekha angapose bwato la matabwa la amalume ako. Wamkuluyo amatalika mamita ngati 15. Sindinajambule, manja sanakumbukire n'komwe za foni. Mayi wa ku Soweto uja anandigwira mkono n'kunena kuti iyenso ali ndi zaka 52 koma aka kanali koyamba.

China chimene ndikufuna uwauze ana ndi ichi: nyanja ya kuno imaphwa n'kudzaza kawiri pa tsiku. Mwala umene ndinakhalapo masana, madzulo unali utamira. Yathu ija imakwera ndi dzinja n'kutsika ndi chilimwe, koma ino imakokedwa ndi mwezi. Msodzi wa kuno akasiya bwato pamchenga ngati mmene timasiyira ife, akhoza kulipeza litapita.

Usiku umenewo mthiko unagwira ntchito. M'nyumba zimenezi aliyense amadziphikira m'khitchini imodzi, ndipo anzanga ankangodya buledi ndi pasta. Ine ndinagula ufa, tomato, anyezi ndi nsomba yotchedwa snoek, yaminga yaitali koma yokoma. Ndili mkati movundula, ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Achimwene, kavundulidwe kameneko si ka kuno. Kwanu n'kuti?" Anali mnyamata wogwira ntchito panyumbapo, wa ku Mangochi. Tinagwirana chanza nthawi yaitali, nsima ikufuna kupserera. Anakatenga mphika wokulirapo, tinaphika yokwanira gulu lonse, ndipo iye ndi amene anazungulira ndi beseni kusambitsa anthu m'manja. Anyamata a ku Korea anaphunzira kutema mbamu msanga kuposa onse. Mtsikana wa chikwama uja ndi amene anatsuka mphika, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinkakhala mpando umodzi.

Anthu atagona, ine ndi wa ku Mangochi uja tinatsala panja mpaka usiku kwambiri. Wakhala ku Hermanus zaka zinayi osapita kumudzi. Anandiuza kuti tsiku lake lopuma amatenga tiyi m'botolo n'kukakhala pamiyala paja yekha, chifukwa kuyang'ana madzi salipiritsa, ndipo akatsinzina mafunde amamveka ngati a kwawo. Mawu amenewo anandikhudza kuposa anangumi. Ndinakumbukira agogo athu a ku Wenela, amene anatha zaka pansi pa nthaka ya Joni n'kubwerera kumudzi ndi sutikesi ndi chifuwa, nyanja ino osaiona.

Lachiwiri tinafika ku Cape Agulhas. Anthu ambiri amayesa kuti Africa amathera ku Cape Point, pafupi ndi Cape of Good Hope kuja, koma nsonga yeniyeni ya kum'mwera ndi imeneyi. Malo ake ndi osadzionetsera: miyala, mphepo, nsanja ya nyali yowongolera sitima ya mu 1849, ndi chipilala cholembedwa Indian Ocean mbali ina, Atlantic Ocean mbali inayo. Ndinatembenuka, nyanja n'kuisiya kumbuyo, ndipo ndinaganiza kuti munthu atayamba kuyenda wapansi kuchokera pamenepa akhoza kukafika pakhomo pako osakwera bwato.

Tinagona ku Mossel Bay, kumene madzi ndi ofundirako moti ndinasambira koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Thupi silinaiwale, ndipo madzi amchere amakunyamula mopepuka kuposa athu. Kumeneku ndi kumene woyendetsa sitima wa Chipwitikizi, Bartolomeu Dias, anakocheza mu 1488. Pali mtengo wakale umene amalinyero Achipwitikizi, zaka zoposa 500 zapitazo, anasiyapo kalata m'nsapato, ndipo anthu a sitima ina anadzaipeza. Lero pansi pa mtengowo pali bokosi la makalata lopangidwa ngati nsapato. Ndinagula khadi la chithunzi cha nangumi, ndinalembapo dzina lako ndi keyala ya kusukulu kwanu, n'kuliponya m'menemo.

Za Knysna, nkhalango ya Tsitsikamma ndi mlatho wa Bloukrans, umene anthu amadumphapo atamangidwa chingwe kumiyendo pamtunda wa mamita 216, ndidzakulembera m'kalata ina, chifukwa mawa ndilawirira kuntchito. Uwafunse aphunzitsi aakulu ngati khadi lija lafika, ndipo likafika undiuze latenga masabata angati. Ndasunga tizigoba ta m'nyanja ta ana ako, ndidzapatsira munthu wodalirika wobwera pa Khirisimasi. Ukapeza wobwera kuno, unditumizireko usipa wouma wa maphukusi awiri, lina ndikufuna ndilitumize ku Hermanus kwa mnyamata uja. Upereke moni kwa alamu, ndipo ukadutsa kwa amayi ukawaone ngati feteleza uja anagula.

Ndine mnzako,
wa ku Joni