Chilengezo kwa mamembala onse: ziweto zodwala ndi zovulala pamsika

Moni nonse mugulupu muno, komiti yathu ya ogula ndi kugulitsa ziweto kuno ku Mangochi yati tikumbutsane izi.

Chiweto chodwala chisamabwere kumsika chonde. Ng'ombe ikuchucha dovu, ili ndi zilonda mkamwa ndi m'mapazi, isiyeni mkhola muitane alangizi a ziweto aione kaye, matenda amenewa sachedwa kufala ndipo boma likamva limatseka misika, tonse bizinesi yaima. Nkhuku za chitopa chimodzimodzi.

Koma yomwe yatikwana kwambiri ndi ya mbuzi. Munthu wachoka ku Namwera kapena ku Makanjira wamanga mbuzi zitatu pakaliyala ndi linya, miyendo yatupa mutu ukulendewera, kufika pamsika ndikungoziponya padzuwa, dzuwa lake lakunyanja kunoli mukulidziwa. Ayi abale. Mukafika zimasuleni, zikhale pamthunzi, zimwe madzi. Yathyoka mwendo kapena ikukanika kudzuka musaikoke ndi chingwe pakhosi kapena kuimenya kuti iyende, inyamuleni awiri muiike payokha. A vetenale akati sichira ndiye iphedwe msanga ndi mpeni wakuthwa, osati igone pompo ikulira mpaka madzulo inu mukunenerera mtengo. Paja lamulo la Protection of Animals Act limaletsa nkhanza zoterezi, mutha kumangidwa nazo.

Yofa yokha musagulitse kwa a kanyenya, olo atakukakamizani bwanji.

Mukaona zotere auzeni apampando kapena lembani mommuno. Zikomo.

Mlembi