Wotchi ya khanda musangoitsekera mukabati

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndiyankhule ndi amalume, azakhali komanso agogo amene akufuna kumugulira mwana wongobadwa kumene wotchi yapamkono yoti adzavale akadzakula, mwinanso nayenso adzasiyire ana ake. Maganizowa ndi abwino zedi, koma ambiri amagula ngati mwanayo avala mawa lomwe lino, kuiwala kuti wotchiyo idikira zaka 18 kapena 20 mwini wake asanaimange pamkono. Ndiye posankha, zoti ikuwala bwanji zibwere pambuyo, muyambe mwadzifunsa ngati ingapirire zaka zonsezo.

Mawotchi ambiri otchipa ndi a batire, aja amati quartz, omwe anayamba ndi Seiko Astron ku Japan mu 1969. Nthawi amasunga bwino kuposa a sipuling'i, zimenezo sinditsutsa ayi. Vuto ndi batirelo. Limatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo likatha n'kukhalabe mkatimo limatha kutulutsa timadzi tina timene timadya tizitsulo, tsiku lodzatsegula kuseri wokonza mawotchi amangopeza zoyerayera zitauma paliponse makina onse atafa, ndiye taganizani mwana wakula mwamuitana mwaulemu wonse kuti alandire mphatso yake, kutsegula kabokosi n'kupeza chinthu chosayenda. Ngati mwagula kale ya batire, pitani nayo kwa okonza achotsemo batirelo musanaisunge. Zija zoyendera kuwala monga Citizen Eco-Drive nazonso mdima sizigwirizana nawo, kabatire kake kochajidwa kamafooka kakakhala zaka osaona kuwala.

Kwa ine, ya makina a sipuling'i, yopanda batire, ndiyo yoyenera, yopukusa ndi zala kapena ya otomatiki imene imadzipukusa yokha mkono ukamagwedezeka. Ndipo simukufunika dzina la ku Switzerland kuti mupeze yabwino. Seiko 5 anayamba kuipanga mu 1963 ndipo mpaka pano akupangabe, Orient nayonso ili ndi zabwino zosaboola mthumba, komanso makampani ang'onoang'ono ambiri amaika makina a Seiko NH35 kapena a Miyota m'mawotchi awo. Ubwino wake makinawa apangidwa ochuluka kwambiri moti zida zosinthira sizisowa, okonza mawotchi amawadziwa, zikavutitsitsa amangochotsa makina onse n'kuika ena. Inde imataya kapena kuonjeza timasekondi pa tsiku, ndipo mukaivula imaima pakatha maola 40 kapena kuposerako pang'ono, koma mukaigwedeza imadzuka n'kupitiriza.

Komabe nayonso siyoti muikwirire musutikesi. Mkatimo muli timafuta tochepa kwambiri tomwe timauma ndi zaka, timalabala totchinga madzi timalimba n'kung'aluka, chinyontho chikalowa dzimbiri layamba. Ndiye ine ndimati wotchiyo ipatsidwe kwa bambo kapena mayi ake a mwanayo, kapena inu nomwe ogulanu, muzivala. Olo pa zochitika zikuluzikulu zokha. Ikayamba kuchedwa kwambiri kapena pakatha zaka zisanu kapena zochulukirapo, ipite kwa okonza akaitsuke n'kuthira mafuta atsopano. Ena amati ikandika, eee ikandike kumene, ndi timikwingwirima timeneto tomwe mwana adzalozere kuti iyi ankavala bambo anga. Adzakhala ataiona pamkono wa kholo lake kuyambira ali pamsana, ataiyikapo kukhutu kumvera kugunda kwake, ataimbidwa khofi pang'ono chifukwa choiseweretsa. Yatsopano yosavalidwa ndi munthu aliyense angathe kudzagula yekha akadzayamba ntchito.

Pa kaonekedwe musachulutse. Tengani ya chitsulo chosachita dzimbiri, osati zija zopakidwa golide pamwamba chifukwa utotowo umasupuka m'mbalimu. Isakhale yaikulu ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola, ya mamilimita 36 mpaka 38 imakhala bwino pamkono wa mwamuna ngakhale wa mkazi, poti simukudziwa kuti mwanayo adzakhala wa thupi lotani. Lamba wachikopa asakudetseni nkhawa, amatha basi ndipo amasinthidwa. Galasi la sapphire silikandika msanga, ngati ndalama ikulola. Mukamaisunga italikirane ndi masipika ndi zinthu zina za maginito, zimaithamangitsa nthawi.

Kuseri kwake kalembetseni dzina la mwana ndi tsiku lobadwa, ndiye posankha onetsetsani kuti kuli malo, chifukwa zambiri za otomatiki kuseri zimakhala ndi galasi loonetsa makina. Kwa okonda Seiko, nambala ya siriyo yolembedwa kuseri imayamba ndi chaka ndi mwezi womwe inapangidwa, nambala yoyamba imaimira nambala yomalizira ya chaka, yachiwiri imaimira mwezi, ndipo October, November ndi December amalemba O, N ndi D. Ndiye mutha kusaka yopangidwa chaka chomwe mwanayo wabadwa, mwamwayi mwezi womwewo.

Chomwe ndikupempha mwapadera, za feki zolembedwa Rolex kapena Omega zisiyeni, olo wogulitsa alumbire bwanji. Okonza ambiri amakana kuzigwira ndipo zida zake sizidziwika kochokera. Gulani yeniyeni ya dzina wamba, risiti ndi kakhadi ka galanti muike mukabokosi momwemo pamodzi ndi kakalata kolemba pamanja konena amene anagula ndi chaka chake.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda mawotchi