Mbiri ya sitima ya Achilles simunaimalize

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhani imene munalemba posachedwa ya nkhondo ya pamadzi ya ku River Plate, ku South America, ya pa 13 Disembala 1939. Ndinaiwerenga mwachidwi, koma mtima wanga sunakhutire poona kuti Achilles munaitchula ngati sitima ya Angerezi basi, n'kuisiyira pomwepo.

Zoona, inakhomedwa ku Birkenhead, ku England, ndipo inayamba ntchito mu 1933. Inali yamtundu wa light cruiser, yothamanga, yonyamula mizinga isanu ndi itatu ya mainchesi 6. Koma kuyambira 1936 inali m'manja mwa New Zealand, ndipo tsiku lomwe iyo pamodzi ndi sitima za Angerezi za Ajax ndi Exeter zinalimbana ndi chisitima cha Germany chotchedwa Admiral Graf Spee, ambiri mwa anyamata a m'sitimamo anali a ku New Zealand. Anayi anafera momwemo, ndipo mtsogoleri wawo, Edward Parry, anavulala. Graf Spee inathawira ku doko la Montevideo, ku Uruguay, ndipo pa 17 Disembala eni ake anaimiza okha. Mu Januwale 1943 bomba la ndege ya Japan linagwera Achilles pafupi ndi chilumba cha Guadalcanal, komabe inakonzedwa n'kubwereranso pamadzi.

Chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mbali ya India. Mu 1948, patangopita chaka dzikolo litalandira ufulu, linagula sitimayi n'kuitcha Delhi. Parry uja ndiye ankatsogolera asilikali a pamadzi a India nthawi imeneyo, choncho anakumananso ndi sitima yake yakale itavala dzina latsopano. Kwa dziko lomwe linkayamba kumene kuima palokha, sitima yakaleyi inali sukulu. Achinyamata ambiri anaphunzirira mmenemo kuyendetsa sitima yaikulu ndi kuombera mizinga. Mu Disembala 1961 inaombera malinga a Apwitikizi pa chilumba cha Diu, pamene India inkalanda madera amene Portugal inkagwiritsitsabe.

Inatumikira India zaka 30, kuposa Britain ndi New Zealand kuphatikiza. Itaphwasulidwa mu 1978, Amwenye anatumiza gawo limodzi la mizinga yake ngati mphatso ku New Zealand, ndipo lili pa doko la asilikali la Devonport ku Auckland.

Ndikupempha kuti mukadzabwereranso pa nkhaniyi, mudzaipatse India malo ake.

Wowerenga wanu wokhulupirika,
Zomba