Kalata kwa achimwene: za matenda a malume ndi likodzo

Cape Town

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mundiperekere moni kwa amayi. Kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda.

Pepala la kuchipatala la malume lomwe munajambula n'kunditumizira pa WhatsApp ndaliwerenga. Mawu akuti squamous cell carcinoma akunena khansa ya m'chikhodzodzo, ya mtundu womwe umatsatira likodzo la zaka zambiri. Mwafunsa kuti zingatheke bwanji, poti aliyense wokulira m'mbali mwa nyanja anakodzapo magazi. Ndilemba motalikirapo kuti muwafotokozere amayi, chifukwa ndamva kuti pabanja anthu ayamba kale kulozana zala.

Thupi limapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo. Pafupifupi selo iliyonse ili ndi malangizo ofanana, olembedwa mu DNA, ndipo tizigawo ta malangizowo, totchedwa majini, tilipo pafupifupi 20,000. Selo ya khungu imasiyana ndi ya m'chikhodzodzo chifukwa ina imatsegula majini awa, ina imatsegula enawo. Munthu akadzicheka ndi mpeni poyeretsa chambo, magazi amaundana ndipo tinthu toundanitsa magazito timatulutsa mapuloteni otchedwa PDGF ndi TGF-beta. Amenewa amauza maselo oyandikana ndi bala kuti atsegule majini ogawikana. Maselo a khungu a m'mphepete amachepetsa E-cadherin, puloteni yomwe imawagwiranitsa, n'kuyamba kukwawira pabalapo. Kusowa kwa mpweya pakati pa bala kumatsegula jini ya VEGF, yomwe imameretsa timitsempha tatsopano ta magazi. Bala likatsekeka, majini onsewa amatsekedwanso. Kugawikana, kuyenda, kudzimeretsera mitsempha: khansa imachita zomwezi, koma iyo siilekeza.

Likodzo limabwera ndi nyongolotsi ya Schistosoma haematobium. Imachokera mu nkhono za m'madzi, imaboola khungu, n'kukakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Yaikazi imaikira mazira tsiku lililonse kwa zaka. Dzira lililonse lili ndi kaminga kunsonga, ndipo pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono kamaoneka bwinobwino. Mazira ena amaboola n'kutuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake magazi amabwera kumapeto kokodza. Ambiri amakanirira m'khoma la chikhodzodzo, thupi n'kuwazinga ndi maselo a chitetezo. Maselo amenewa amathira mankhwala aukali ofuna kupha dziralo, koma mankhwalawo amawononganso DNA ya maselo abwino apafupi. Pakalowanso mabakiteriya, amathandiza kupanga ma nitrosamine mu mkodzo, omwenso amawononga DNA. Ndiye m'kati muli bala lomwe likupola uku likutsegukanso, chaka ndi chaka. Nthawi iliyonse selo ikagawikana imakopera DNA yake yonse, ndipo kukopera DNA yowonongeka kale kumasiya zolakwika zomwe sizifufutikanso.

Pakapita nthawi, maselo a m'khomalo amasintha majini omwe atsegula. Amasiya kukhala ofewa otambasuka, amakhala afulati, olimba, opanga puloteni yolimbitsa ya keratin monga a pakhungu, pofuna kupirira kukwechekako. Mawu akuti squamous papepala paja akunena maselo afulati amenewa.

Thupi lili ndi zodzitetezera, ndipo chachikulu ndi puloteni ya p53, yomwe inadziwika mu 1979. Ntchito yake ili ngati ya kapitawo woimitsa amisiri akaona kuti khoma lapendekeka. Zinthu zikakhala bwino, p53 imapangidwa n'kuphwanyidwa msanga ndi puloteni ina yotchedwa MDM2. DNA ikawonongeka, kuphwanyako kumaima, p53 imachuluka n'kutsegula jini ya p21, yomwe imaletsa selo kugawikana mpaka powonongekapo patakonzedwa. Pakakhala posakonzeka, imalamula seloyo kuti ife. Jini ya p53 imapezeka itawonongeka pafupifupi pa theka la khansa zonse za anthu. Jini ina yoletsa selo kugawikana ndi p16. Iyo nthawi zina imaduka n'kusoweratu, nthawi zina imakhalapo yathunthu koma thupi lamata tinthu totseka, totchedwa methyl, poyambira pake, moti siwerengekanso. Zoletsa zimenezi zikachoka chimodzichimodzi, uku malangizo opoletsa bala adakali otsegula, chotupa chimayamba. Zimatenga zaka makumi, n'chifukwa chake likodzo la ubwana ndi la pa ntchito ya usodzi likuonekera lero malume atakula.

Si nkhani yatsopano. Dokotala A. R. Ferguson analemba za likodzo ndi khansayi ku Cairo mu 1911, ndipo mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika nyongolotsiyi pagulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Ku Egypt, likodzo litachepa, khansa ya mtundu uwu inachepanso.

Amayi muwauze zinthu izi momveka. Palibe anawalodza malume. Khansa siipatsirana, choncho adye nawo mbale imodzi, awasambitse, awachapire mopanda mantha. Zowonongekazo zili m'maselo a chikhodzodzo chokha, sizili m'mbewu yawo, moti ana awo sanatengere. Komanso ambiri odwala likodzo sadzadwala khansa. Amene ali pangozi kwambiri ndi wokhala nalo zaka zambiri osamwa mankhwala, makamaka ngati amasutanso fodya.

Za malume, chonde musataye nthawi ndi zitsamba zoti zitsuke chikhodzodzo. Mankhwala a likodzo a praziquantel amapha nyongolotsi koma sachotsa chotupa. Khansa ya mtundu uwu siimvera kwenikweni mankhwala a m'drip, ndipo chomwe chimathandiza kwambiri ndi opaleshoni ikachitika chotupa chisanafalikire. Tsiku lomwe awapatsa lopita kuchipatala chachikulu lisaphonyedwe, ngakhale atanena kuti akupezako bwino. Mufunse adokotala ngati chotupa chalowa m'nyama ya khoma la chikhodzodzo, ndiponso ngati impso zatupa, poti chotupa chimatha kutseka njira za mkodzo zochokera ku impso. Akalephera kukodza kapena akayamba kutulutsa magazi oundana, apite tsiku lomwelo.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi anyamata anu awiri omwe sachoka kudooko. Kukodza magazi si chizindikiro cha kukula, monga ena amanenera. Apite akayezetse ku Mangochi District Hospital kapena pachipatala chaching'ono, ndipo mkodzo autenge pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi yomwe mazira amatuluka ambiri. Mlingo wa praziquantel ndi 40 mg pa kilogalamu iliyonse, moti munthu wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi a 600 mg. Amwe atadya, chifukwa pamimba popanda kanthu amachititsa nseru ndi chizungulire. Mankhwalawa sapha bwino nyongolotsi zazing'ono ndipo sateteza munthu akabwereranso m'madzi, choncho akamagawa kusukulu asamathawe. Madzi osamba otunga kunyanja muziwasunga masiku awiri musanasambe, tizilomboto timakhala titafa. Wamkulu aliyense amene magazi sakusiya atamwa mankhwala akaunikidwe chikhodzodzo, ndipo apa ndikunenanso inuyo achimwene.

Ndalama ya thiransipoti ya malume ndi wowadikirira nditumiza Lachisanu. Mukaonana ndi adokotala munditumizire chithunzi cha zonse zomwe alembe m'buku lawo la kuchipatala.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu